Failo idasowa, koma chingwe chikadalipo

Pa 17 Okutobala 2024, boma la Texas ku America lidakonza zopha Robert Roberson pomubaya jakisoni wa poizoni nthawi ya 6 koloko madzulo. Kuno kwathu imeneyo ndi 1 koloko ya usiku. Bamboyu adamupeza wolakwa mu 2003 pa mlandu wopha mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri, dzina lake Nikki. Madokotala adauza bwalo kuti mwanayo adachita kumugwedeza mwankhanza mpaka ubongo kuvulala. Patapita zaka, akatswiri ena adafukula mapepala a kuchipatala n'kupezamo zina: mwanayo ankadwala chibayo choopsa, masiku ochepa asanamwalire thupi lidatentha kufika madigiri 40, ndipo adamupatsa mankhwala amene lero sapereka kwa ana a msinkhu umenewo chifukwa amafooketsa kapumidwe. Wapolisi amene adatsogolera kufufuza mlanduwo, Brian Wharton, adadzakhala m'busa, ndipo amanena poyera kuti adathandiza kumangitsa munthu wosalakwa. Chimene chidakayikitsa anamwino ndi apolisi tsiku lija n'choti bamboyo sankaoneka wosweka mtima monga amachitira makolo mwana akakhala pakati pa moyo ndi imfa. Zidadziwika mochedwa kwambiri kuti ali ndi autism, vuto limene limachititsa kuti za mumtima zisaoneke pankhope.

Zonsezi sizidakwane kuimitsa jakisoni. Komiti yoona za chikhululukiro idakana. Bwalo lalikulu la dziko lonse la America lidati ilo silingalowererepo. Amene adamupulumutsa ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Texas, a zipani zonse ziwiri, ndipo adachita kuzembera kumbali: adamulembera chisamani choti akaonekere pamaso pa komiti yawo ngati mboni pa 21 Okutobala. Wakufa sapereka umboni, ndiye pafunika akhale moyo kufikira tsikulo. Makhoti adakokanakokana madzulo onse, mwini wake ali kale ku ndende yophera ya Huntsville, mpaka bwalo lalikulu la Texas lidalamula kuti ayambe aima. Boma lidadzaikanso tsiku lina, 16 Okutobala 2025, ndipo kutatsala sabata imodzi bwalo la apilo lidaimitsanso.

Marcellus Williams wa ku Missouri mwayi wotere sudamugwere. Adamupha pa 24 Seputembala 2024, kutatsala masabata atatu kuti tsiku la Roberson lifike. Ofesi yomweyo imene idamuzenga mlandu wopha Felicia Gayle, mayi amene adaphedwa mu 1998, idapempha bwalo kuti lifafanize chigamulocho. Abale a malemuyo adati sakufuna kuti aphedwe. Mpeni umene udapha mayiyo adaugwiragwira ndi manja opanda magolovesi ozenga mlandu eni akewo, kotero kuti kupima DNA sikukadanenanso kanthu kogwirika. Sindikunena kuti Williams sadalakwe. Padali umboni wina womuloza, monga katundu wa m'nyumba ya malemuyo amene adadutsa m'manja mwake. Koma chikayiko chidalipo, chachikulu ndithu, ndipo bwalo lililonse limene lingadzachithetse lidzapeza mwini wake ali m'manda.

Nkhani ziwirizi ndidazitengera kwa amalume anga ku Kawale, mphunzitsi wopuma ntchito amene wailesi sichoka pakhutu pawo. Adandimvetsera mpaka kumapeto n'kuyankha mwachidule. "Mphwanga, zimenezo n'za azungu. Kuno tidasiya kunyonga, ndiye taona mmene zigawenga zakhutira. Munthu wapha mnzake, ine ndizimudyetsa nsima ndi msonkho wanga? Anyongedwe basi." Ndidati, "Nanga amalume, akakhala kuti wapha si iyeyo?" Iwo adati, "Khoti si masanje. Likanena kuti wapha ndiye kuti wapha."

Maganizo amenewa si a amalume okha. Mudzawamva m'minibasi ya ku Area 25, pamaliro amuna akazungulira moto usiku, ndi pa mapulogalamu oimba foni a pa wailesi. Sindiwapeputsa, chifukwa ena mwa owanenawo adaikapo m'manda mbale wawo wophedwa ndi achifwamba, ndipo wakuphayo adamuona akuyenda mumsika patangopita miyezi. Koma mfundo ziwiri za amalume zija, yoti tidasiya kunyonga ndi yoti khoti likanena ndiye kuti wapha, zonse n'zofunika kuzisanthula.

Kunyonga sitidasiye, tidangoima kaye. Munthu womaliza adanyongedwa mu 1992, nthawi ya Kamuzu, ku ndende yaikulu ya Zomba, ndipo chilangocho chikadali m'mabuku. Gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, kenaka limawonjezera kuti kupha munthu amene bwalo lamugamula kuti aphedwe sikuphwanya ufuluwo. Gawo 210 la Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, limalola woweruza kugamula imfa pa mlandu wopha munthu. Chimene chatsekereza chingwe zaka zonsezi ndi siginecha ya munthu mmodzi. Bakili Muluzi atalowa mu 1994 adakana kusaina chikalata chonyongera munthu, ndipo Bingu wa Mutharika, Joyce Banda, Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera onse adatsata momwemo. Palibe lamulo limene lidawakakamiza. Gawo 89 limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yokhululuka, yoimitsa chilango kapena kuchichepetsa, koma silimulamula kutero. Zili ngati chitseko chopanda loko chimene changotsamiritsidwa ndi mtondo: chakhala chotseka nthawi yaitali, koma aliyense wokhala ku Kamuzu Palace atha kuusuntha mtondowo m'mawa umodzi, makamaka chaka cha chisankho anthu atakwiya.

Mmene zinkakhalira kale zikuoneka bwino m'nkhani ya Byson Kaula, imene adafotokozera atolankhani a BBC atatuluka. Adagamulidwa kuti anyongedwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pa imfa ya wantchito wake wa kumunda. Iye amati wantchitoyo adamenyedwa ndi anthu ena, ndipo pomuthandiza kuti apite kuchimbudzi adaterereka pamasitepe n'kumugwetsa. Amatinso amene adakamuchitira umboni kukhoti adali anansi omuchitira nsanje. Masiku amenewo wonyonga adali mmodzi, wochokera ku South Africa, amene ankazungulira maiko angapo a kuno kummwera. Akafika ku Zomba ankamupatsa mndandanda wa maina. Tsiku lina dzina la Byson lidali pa mndandanda wa anthu 21. Wonyongayo adagwira ntchito yake mpaka cha m'ma 3 koloko masana, n'kunena kuti watopa, otsalawo adzawaona ulendo wina. Adatsala atatu, Byson ali pomwepo. Zoterezi zidachitikanso kawiri, mpaka kunyonga kudaima. Adatuluka atakhala m'ndende zaka zoposa 20. Mutha kukhulupirira zimene amanena za wantchito uja kapena ayi, koma taganizani za anthu 18 amene maina awo adali pamwamba pa mndandanda. Chimene chidawasiyanitsa ndi Byson sudali umboni, zidali mphamvu za m'mikono mwa mlendo uja.

Pa nkhani ya Roberson, chimene chidandikhudza kwambiri si chifundo cha aphungu aja ayi. Ndi mapepala. Patapita zaka 22 mwana atamwalira, zolemba za kuchipatala zidalipo, mawu onse olankhulidwa kukhoti adali olembedwa ndi osungika, ngakhale zithunzi za m'mutu mwa mwanayo zidapezeka m'chipinda cha pansi pa nyumba ya khoti. Padali maloya amene ntchito yawo ndi yokhayo, madokotala okonzeka kuunikanso, atolankhani, ndi lamulo la mu 2013 lolola mkaidi kubwerera kukhoti sayansi ikasintha. Chikayiko sichiyenda chokha, chimafuna wochinyamula ndi chonyamulira. Ndi zonsezo, munthuyo adapulumuka nthawi yomuphera itakwana kale. Tsono zibweretseni kuno.

Munthu wapezeka atafa kumunda, kapena m'ngalande ku Mchesi. Pofika madzulo mudzi wonse uli kale ndi dzina: amene adakangana naye kumowa, amene akulimbirana naye malo, mwamuna wake wakale. Woganiziridwayo akakhala ndi mwayi apolisi amafika anthu asanamuveke tayala. M'chitokosi amapereka sitetimenti popanda loya pambali, wapolisi akulemba, iye n'kungodinda chala pa mawu amene mwina sangawawerenge. Gawo 176 la malamulo a kazengedwe ka milandu ndi umboni limalola kuti kuvomera kotere kulowe m'khoti ngakhale mwini wake akunena kuti adavomera chifukwa chomenyedwa. Bwalo limangoyenera kukhutira kuti adanenadi ndi iyeyo ndipo zimene zilimo n'zoona. Mtembo umapimidwa mwachangu poti abale akudikira maliro, nthawi zambiri ndi wachipatala wa paboma, chifukwa akatswiri opima mitembo m'dziko muno ndi owerengeka pa zala. Za DNA pa mlandu wa munthu wamba musafunse n'komwe. Kenaka rimandi. Zaka zimatha munthu ali ku Maula, m'chipinda chogona anthu kuwirikiza kangapo amene adachimangira, kudikira tsiku la ku High Court. Tsikulo likadzafika, mboni zina zidasamuka, zina zidamwalira, ndipo loya wa Legal Aid, amene wasenza mafailo osawerengeka, mwina akuonana ndi woimbidwa mlanduyo koyamba m'mawa womwewo. Mafuta a galimoto opitira kumudzi kukafunsa amene adaona alibe. Sindikunyoza maloyawo. Ambiri ndi achinyamata olimbikira amene akadatha kukalemera kumakampani. Koma munthu mmodzi sangafufuze zimene apolisi sadafufuze, pa milandu yambirimbiri nthawi imodzi.

Amene mudapitako ku Maula ndi mpingo kukacheza ndi akaidi mukulidziwa pempho limene limabwera sopo ndi shuga zikagawidwa, wina n'kukukokerani pambali: "Abusa, mukandifunsireko za failo yanga."

Zimenezi si zongoganizira. Tidaziona pamene milandu ya akaidi a imfa a ku Zomba idatsegulidwanso. Kufikira mu 2007, aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu ankalandira imfa basi. Woweruza adalibe mphamvu yoganizira kuti wolakwayo ndi mnyamata wongotha msinkhu, kapena mayi amene wakhala akumenyedwa zaka zambiri, kapena munthu amene mutu wake sukoka bwino. Pa 27 Epulo chaka chimenecho, oweruza atatu a High Court, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, adagamula kuti chilango chokakamiza chotere chikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kafantayeni mwini wake sankakana kuti adapha mwana womupeza wa zaka ziwiri. Nkhani idali yoti bwalo limve kaye zonse lisanatchule chilango. Mu 2010, pa mlandu wa McLemoce Yasini, bwalo la Supreme lidati onse amene adagamulidwa mwa njira yakale ija abwerere kukhoti. Ntchitoyo idadzayamba mu 2015, motsogozedwa ndi Malawi Human Rights Commission, mothandizana ndi maparalegal (alangizi a zamalamulo amene si maloya) a bungwe la PASI, Legal Aid, ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, bungwe la Reprieve ndi aphunzitsi a zamalamulo a ku Cornell ku America. Maparalegal adalowa m'midzi kukafunsa mafumu, abale a omangidwa ndi abale a ophedwa. Milandu yoposa 150 idamvedwanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adagamulidwanso kuti anyongedwe, ndipo oposa 100 adatuluka.

Cholinga chidali kungoonanso chilango, osati kufunsa ngati munthuyo adalakwadi. Koma pofukulapo padatuluka zambiri. Mafailo ochuluka a kukhoti adali atasowa, ena ali operewera masamba. Ena mwa akaidiwo adali ana pamene mlandu unkachitika. Ena adali odwala maganizo. Ndipo ena adali oti sadaphe munthu.

John Nthara, Jamu Banda ndi Michael Banda adali alimi apachibale. Chakumapeto kwa 1993 munthu wachilendo, wooneka wosokonekera mutu, adalowa pakhomo pawo ali ndi chikwanje. Adathawira m'chimbudzi, kudzitsekera, n'kuyatsa moto mkatimo. Eni khomo adayesa kumupulumutsa, koma adali atapsa kwambiri ndipo adamwalira. Apolisi adamanga eni khomowo. Mudzi unkadziwa chimene chidachitika, koma palibe amene adaitanidwa kukawaikira kumbuyo kukhoti. Atatuwo adagamulidwa kuti anyongedwe, ndipo apilo siidayende poti failo idasowa. John ndi Jamu adatuluka mu 2015, atakhala zaka 21. Michael adafera m'ndende.

Akuluakulu adati mlandu suwola. N'zoona, koma failo imawola, chiswe chimadya, mboni zimafa. Chikayiko cha pa mlandu wa John ndi Jamu chidatenga zaka 21 kuti chipeze wochinyamula. Muluzi akadakhala wosaina, nkhani yawo sitikadaimva n'komwe. Bwenzi pano amalume akuwawerengera m'gulu la zigawenga zimene zidalandira zoyenera, ndipo palibe akadawatsutsa, poti khoti lidanena.

Ku Uganda kudachitika zoposa apa. Edmary Mpagi adakhala zaka 18 akudikira chingwe pa mlandu wopha George William Wandyaka, munthu amene adali moyo nthawi yonseyo. Adatuluka mu 2000. Msuweni wake amene adamangidwa naye limodzi adafera m'ndende.

Dziko lathu lilinso ndi nkhani yakeyake ya chingwe chimene chidaimitsidwa anthu atafuula. Kuyambira mu 1969, milandu yopha munthu, kenaka ndi youkira boma, idapatsidwa kwa makhoti a Traditional, kumene ambiri mwa oweruza adali mafumu ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Kumeneko n'kumene kudagamulidwa Albert Muwalo, amene adali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party ndipo adanyongedwa mu 1977. Kumenekonso n'kumene adatengera Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party ndiponso nduna yoyamba ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, atawagwira pa 24 Disembala 1981. Maloya awiri ophunzira ku London adaimbidwa mlandu woukira boma m'bwalo losalola loya, ndi mboni zawo zomwe zidakanidwa. Mu Meyi 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe, ndipo apilo idakanidwa mu Febuluwale 1984. Mpingo wa ku Scotland, Amnesty International ndi maboma akunja adachonderera Kamuzu, mpaka mu Juni 1984 adasintha chilangocho kukhala ndende moyo wonse. Orton adafera ku Zomba mu Okutobala 1992. Vera adatuluka mu Januwale 1993, adakhazikitsa bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Malawi CARER, ndipo adadzakhala woyang'anira nkhani za ndende ku komishoni ya Africa yoona za ufulu wa anthu. Zonsezo adazichita munthu amene bwalo la dziko lino lidati afe. Koma awa adali ndi anzawo ku Edinburgh ndi ku London owafuulira. Mlimi wa ku Dowa amufuulira ndani?

Pali pamodzi pamene amalume amandipanikiza, ndipo mpovutadi. "Nanga opha maalubino aja, mphwanga? Nawonso ukuti tiziwanyengerera?" Kuyambira chakumapeto kwa 2014 abale athu achialubino akhala akubedwa, kudulidwa ziwalo, kuphedwa, ndi manda awo omwe kufukulidwa. Mu 2016 Bon Kalindo, ali phungu, adatsogolera chionetsero chopita ku Nyumba ya Malamulo kuno ku Lilongwe atavula pafupifupi zonse, kufuna kuti ophawo azinyongedwa. Mu 2019 makhoti adagamuladi imfa pa milandu yotere, ku Thyolo ndi ku Mchinji. Mkwiyo umenewo ndi woyenera, ndipo nanenso ndili nawo. Mayi amene amagona atamangirira mwana wake kudzanja kuopa kuti amuba usiku sangamve phunziro la ufulu wa akaidi, ndipo sindingamupatse.

Koma chaka chomwecho cha 2019 n'chimene chidationetsa mmene milandu imafufuzidwira dziko likakwiya. Mnyamata wachialubino wa zaka 14, Goodson Makanjira, atabedwa ku Dedza, apolisi adamanga anthu angapo, mmodzi mwa iwo Buleya Lule. Adaonekera kukhoti kuno ku Lilongwe, adakana mlandu, ndipo adafera m'manja mwa apolisi. Dokotala Charles Dzamalala atapima mtembo adapeza kuti adamuzunza ndipo adafa atamugwiritsa magetsi. Patapita zaka, bwalo lalikulu lidapeza apolisi ena olakwa pa imfayo. Tsono tayerekezani kuti Lule sadafe, adangosaina. Sitetimentiyo ikadalowa m'khoti kudzera pa gawo 176, dziko lonse likufuna magazi, ndipo mwina ife tomwe bwenzi tikuomba m'manja. Kaya adali wolakwa kaya ayi, adapita ndi zonse zimene ankadziwa. Funso limene achialubino akhala akufunsa n'lakuti msika wa mafupawo uli kuti, ogula ndani. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi otumidwa, osauka a m'midzi olonjezedwa mamiliyoni. Ukanyonga wotumidwa waika m'manda mboni yokhayo imene tsiku lina ikadadzatchula womutuma.

Padali pafupifupi miyezi inayi imene tinkaganiza kuti nkhani yatha. Pa 28 Epulo 2021 bwalo la Supreme, pa mlandu wa Charles Khoviwa, lidatulutsa chigamulo chonena kuti chilango cha imfa n'chosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Nyuzipepala za kunja zidalemba kuti dziko la Malawi lathetsa kunyonga. Mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza ena a bwalolo adatulutsa chigamulo china, chonena kuti amenewo adali maganizo a Jaji Dunstain Mwaungulu yekha ndipo funsolo silidabwere n'komwe pamaso pa bwalo. Akaidi amene adauzidwa mu Epulo kuti chingwe chachoka adauzidwanso mu Ogasiti kuti chabwerera. Mu 2022 Chakwera adasintha zilango za akaidi a imfa oposa 20 kukhala ndende moyo wonse, ndipo komiti ya aphungu yoona za malamulo idazungulira m'zigawo kumva maganizo a anthu. Lamulo lenilenilo silidasinthe. Anzathu a ku Mozambique adathetsa mu 1990, South Africa mu 1995, Zambia mu Disembala 2022, Zimbabwe pa tsiku lomaliza la 2024. Ku Zimbabweko wosaina lamulo lothetsa kunyongalo adali Pulezidenti Emmerson Mnangagwa, amene iye mwini adagamulidwapo imfa nthawi ya boma la azungu la Ian Smith n'kupulumuka chifukwa cha kuchepa msinkhu.

Amalume akamva zoimitsa chilango amamva ngati tikuti chigawenga chimasulidwe. Si choncho. Roberson sadatuluke m'ndende usiku uja. Kuimitsa n'kungosunga munthuyo wamoyo kuti funso likadzayankhidwa, yankholo lidzapeze wolilandira. Ngati adaphadi, ndende ilipo, ndipo aliyense amene adaona mkati mwa Maula kapena Zomba sanganene kuti n'kokapumula. Koma akanyongedwa wolakwika, aferedwa aja aberedwa kawiri: mbale wawo adapita, wakupha weniweni akuyenda m'mudzi momwemo, ndipo apolisi atseka failo poti mlandu udatha.

Amene adalandira kumudzi akaidi otuluka pa ntchito ya Kafantayeni nawonso ali ndi mawu. Ofufuza a PASI ndi Cornell atafunsa mafumu oposa 100 a m'midzi imene akaidiwo adabwererako, oposa 90 pa 100 aliwonse adati sagwirizana ndi kunyonga. Amenewa si a mabungwe a ku City Centre odya ndalama za azungu, monga amanenera amalume. Ndi anyakwawa a m'midzi imene mudalira maliro a wophedwayo, amene patapita zaka 20 adaona womangidwa uja akubwerera ali ndi imvi, n'kumuonanso akugwira khasu pakati pa anthu omwewo.

Ine ndikufuna aphungu achotse imfa mu gawo 210 ndi kwina konse kumene ili. Koma ngakhale atatero mawa, tikumbuke kuti Michael Banda sadaphedwe ndi chingwe. Adafa akudikira apilo imene sikadayenda popanda failo. Wosalakwa amene wagamulidwa moyo wonse lero ku High Court kuno ku Lilongwe adzafunabe zomwe zija: failo yosungika, loya wokhala ndi mafuta ofikira kumudzi, ndi bwalo lokonzeka kumva kuti sitetimenti idatuluka ndi ndodo. Zina mwa izi sizifuna ndalama zambiri. Kujambula failo iliyonse ya mlandu wopha munthu n'kuisunga pa kompyuta m'malo awiri, ndi foni yomwe ikhoza. Kulamula kuti wovomera mlandu wopha munthu azivomera pali loya kapena paralegal, kapena akujambulidwa pa vidiyo, ndi kukonza gawo 176 kuti sitetimenti ya ndodo isalowe n'komwe m'khoti, zimangofuna aphungu okwanira m'nyumba muja masana amodzi. Amalume zochotsa chingwe adakana, ndipo sindikuona kuti adzasintha. Za gawo 176 adandiuza kuti ndiwalembere papepala, adzamufunse phungu wawo akadzabwera kudzapempha mavoti.